Malo a Galu Alipo, a Amayi Palibe

Lachitatu madzulo, ku Shawlands, dera lomwe tikukhala kuno kunja. Mtima wangoti zii.

Ndamuimbira mwini kanyumba ka m'mbali mwa nyanja, kuchilumba komwe tikupita ku holide Loweruka. Ndinabuka kanyumbako amayi anga asanapeze viza yoti abwere kuno. Ndachonderera kuti tiwonjezere munthu mmodzi, wakana, akuti anthu anayi basi. Koma galu wathu wamukonzera kale bulangete ndi mbale yake.

Ana sakufuna kumva zosintha. Bambo awo angoti, "Ndi amayi ako, ukambe nawo."

Kani amayi amamva zonse ali kukhitchini. Andiuza mofatsa, "Pitani ndi galuyo, mwananga. Ine nditsala, ndizilondera nyumba."

Sanaseke.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuwasowa, lero ndawasandutsa mlonda. Chikwama chomwe amayi anapakira dzana pokonzekera ulendowu chikadali pafupi ndi chitseko, ndipo ndikulephera kuchiyang'ana.