Masamu Anga, Pakamwa pa ba Mukuka

Lolemba, 10 Malichi

Kwathu ku Chelstone. Malaiti kulibe kuyambila m'mawa, laputopu yafela pakati pa masamu. Koma yankho ndili nalo. Ma elekitiloni m'kachitsulo kopyapyala, akazizila kwambili, amaleka kuyenda aliyense payekha, amayenda ngati gulu limodzi. Chifukwa chake ndachipeza ine, pa tebulo la amayi. Lachisanu kubwela Dokotala Martina wa ku Germany. Ali ndi malo amodzi a PhD. Ndiwafuna.

Lachiwili, 11 Malichi

Ba Polofesa Mukuka, ondiyang'anila, akuti pa semina ya Lachisanu adzalankhula ndiwo. "Ntchito ya dipatimenti imakambidwa ndi akulu. Iwe uzisintha masilaidi." Mutu wanga, pakamwa pawo, ine chala chabe. Tsamba lachiwili la pepala langa sanafikeko n'komwe.

Besa, wa m'kalasi mwathu, ati, "Iwe, nyamula chabe chola chawo, uzafika." Iye wanyamula kuyambila chaka choyamba. Wafika kuti? Ku Kabwata, kuphunzitsa ana a anthu matebulo a masamu.

Lachisanu, 14 Malichi

Martina anafunsa chifukwa chake gululo silimwazika kutentha kukakwelako. Ba Polofesa anayamba kusimba za masiku awo ku Ulaya. Martina anafunsanso. Kuno wamng'ono sayankha wamkulu asanamuloze chala. Ndinadikila chalacho, sichinabwele. Ndinanyamuka, ndinatenga choko, ndinadzaza bolodi. Ndinanenanso poyela kuti zimene ba Polofesa anakamba pa silaidi yachitatu n'zolakwika. Kukoma kwake!

Potuluka ba Polofesa sanandipenye. Anangouza Besa, "Tenga chola."

Lachitatu, 19 Malichi

Kiyi ya ofesi andilanda. Pakhonde ma lekichala onse andidutsa ngati mtengo. Amantha.

Martina watuma uthenga: wakondwa, malo angakhale anga. Chatsala n'chimodzi, wondiyang'anila andivomeleze. Ndiye kuti ba Mukuka. Ndaseka mpaka kukhosi kuwawa.

Loweluka, 22 Malichi

Amayi abwela ndi nkhuku yamoyo ya ku Soweto Market. Akuti tipite ku Woodlands, pa geti ya ba Mukuka. "Kugwada sikupha munthu, Namakau. Nizakamba ndine, iwe maso pansi."

Kupepesa chifukwa ndinalondola! Ndawauza kuti sindipita. Ndawauzanso mokweza, mpaka aneba kusuzumila pa mpanda.

Nkhuku ili m'katoni pakhomo, ikulila. Amayi avala kale nsapato za ku chalichi, ali chiimile panja.

Ndikafika ku Germany, dzina la mdala uyu sindidzalilemba pa pepala langa ngakhale limodzi.

Chitenge ndamanga.