Chitsime cha Bambo ndi Voti Yanga

Milano, 2 Juni

Okondedwa achimwene Efisio,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga bondo la amayi likuwalola kupita kutchalitchi? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Tchizi munanditumizira ndinalandira, koma mpaka lero sindinadyeko.

Kuno ndi nyengo ya misonkhano ya makampani. Paja bungwe lathu limagula masheya ndi ndalama za penshoni za anthu, ndiye pamsonkhano uliwonse timavota. Ntchito yanga ndi kulowetsa mavotiwo pakompyuta. Alangizi amatitumizira mndandanda, apa vomerani, apa kanani, ife n'kumangodina.

Munandiimbira za mfundo nambala seveni, ija anabweretsa masisitere amene ali ndi timasheya tochepa m'kampani ya fakitale ya kumudzi kwathu, yoti fakitaleyo iziyeza madzi a m'zitsime n'kumalengeza zimene yapeza. Ndinalonjeza kuti ndiyesetsa. Achimwene, bungwe lathu linakana, ndipo chala chimene chinadina ndi changa.

Mndandanda unati tikane. Wofuna kusiyana nawo amalemba zifukwa n'kupita nazo kwa abwana. Ndinalembadi masamba awiri, za fumbi lofiira la kufakitale lija ndi za nkhosa zobereka ana akufa. Abwana anga, a Cattaneo, atawerenga anaseka, amvekere iwe ukulemba ngati unakamapo nkhosa, kodi uli ndi abale kumeneko? Lamulo lathu limati wantchito akakhala ndi abale pankhani, nkhaniyo ipite kukomiti akaikambe bwinobwino. Ndikanangoti inde, basi. Koma zaka zisanu ndi chimodzi zonsezi ndakhala ndikuwongola lilime kuti asamve kuti ndine wakumudzi. Ndinayankha kuti ayi, malowo ndimangowaona pamapu.

Anandibwezera mapepala aja, ati chifundo changa ndizikachitira kutchalitchi Lamulungu. Ndinasekako nawo, tangoganizani! Kenako ndinabwerera pampando n'kudina, popanda wondigwira dzanja. Mfundoyo inagwa ndi mavoti ochepa kwambiri, moti athu okhawo akanaipulumutsa.

Kumapeto kwa Ogasiti bungwe limaika poyera mmene linavotera, ndipo masisitere aja amawerenga mzere ndi mzere, moti nkhaniyi idzafika kumudzi. Tsono azakhali andiuza kuti bambo akumakhala pabala ya a Bachisio n'kumauza aliyense kuti mwana wawo wa ku Milano anamenyera nkhondo chitsime chawo. Nditamva zimenezi ndinalira m'sitima anthu akundiyang'ana. Manyazi ake sindikudziwa kuti ndiwaika pati.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaletse mwanzeru asapitirize kudzitama, koma chifukwa chake musawauze. Ndibwera pa chikondwerero cha Maria Woyera, mavoti athu asanaikidwe poyera, ndidzawauze ndekha ndi pakamwa panga pomwepa pamene panawakana. Kaya adzandithamangitsa, zili kwa iwo.

Mundiperekere moni kwa bambo ndi amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa amalume a kudoko. Ana muwapsompsone m'malo mwanga.

Chinanso, muwauze amayi kuti ulendo uno asandigulire madzi a m'botolo monga amachitira ndikabwera. Anditungire a pachitsime omwe mumamwa inu tsiku ndi tsiku.

Ndine mlongo wanu,
Gavina