Foni ya Malemu

Lamulungu, 9 Juni

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo akunyumba ndi ana. Ife kuno tilipo. Ndikanatha kukuimbirani, koma nkhani iyi pakamwa ikundikanika, ndiye ndati ndilembe.

Ndi za mwana wanu Kanyerere. Mukudziwa kuti titasamukira m'nyumba yaing'onoyi maliro atatha, ndinakamulembetsa pasukulu ina yapafupi. Za mayi ake akusukuluko sanandifunse, inenso sindinanene. M'mawa uliwonse mwana amavala yunifolomu, kutenga chikwama, n'kunditsanzika. Ine mtima unali pansi.

Lachiwiri lapitali masana ndili pantchito yanga ya ukalipentala ndikukhoma chitseko, panafika mayi wina atanyamula mabuku. Anatchula dzina la mwana n'kufunsa ngati ndine bambo ake. Anati ndi mphunzitsi wake.

"Bambo, mwana wanu akujomba kwambiri, ndipo lero sanabwerenso. Lamulo lathu ndi loti mwana akapanda kubwera timaimbira kholo tsiku lomwelo. Akapitirira malire popanda umboni wakuchipatala, salemba mayeso omaliza. Wanuyu wafika pamalire."

Ndinati mwina asokoneza ndi mwana wina, wanga sajomba.

Anaseka pang'ono. "Abambo inu zapakhomo zimangokupitani. Kafunseni akazi anu. Dzulo lomweli ndayankhula nawo, akuti mwana mutu ukumupweteka. Ndikawaitana kusukulu amangoti ndibwera, ndibwera."

Alamu, hamala inandigwa m'manja. Kuti inandimenya phazi ndinadziwira kunyumba povula nsapato. Ndinawapempha kuti abwereze. Anatulutsa foni yawo n'kundionetsa nambala. Inali ya mng'ono wanu.

Ndinati, "Mayi, mkazi wanga tinamuika m'manda chaka chatha."

Anakhala pamulu wa matabwa, dzanja pakamwa. Mnzanga amene ndimagwira naye ntchito, munthu wosasowa nthabwala, anangozimitsa makina ochekera n'kuima chilili. Aphunzitsi anati, "Ndiye ndakhala ndikuyankhula ndi ndani?" Anaiimba nambala ija pomwepo. Popeza makina anali atazima, tinaimva tonse ikulira kutsidya kwa msewu, kanyimbo komwe kaja mukukadziwa.

Tinawoloka. Kuseri kwa saluni tinamupeza mwana atakhala pakreti, ali mu yunifolomu, buku pamiyendo, foni m'manja. Kuchokera pamene anakhalapo, tebulo langa limaoneka lonse. Mwini saluni anati, "Ine ndimayesa mukudziwa, akalipentala. Amangokhala phee kukuyang'anani ngati mlonda, ndatsala pang'ono kumulemba ntchito."

Foni imeneyo ndinaiika m'kabati pamodzi ndi magalasi a malemu, ndipo sindinaigwirenso. Kusukulu atafunsa ana manambala a makolo, iye anapereka imeneyo. Ankaitchaja mobisa n'kumayenda nayo m'chikwama. Aphunzitsi sindiwaimba mlandu. Mawu a mwanayu akhwima, akumveka ngati a mayi ake. Inenso akandiitana ali kuchipinda, nthawi zina ndimadzidzimuka.

Sindinamukalipire. Titafika kunyumba ndinamufunsa chifukwa chake.

"Lero munatsokomola," anatero.

"Ndi fumbi la matabwa, mwanawe."

"Amayinso ankati ndi fumbi. Tsiku lija munandiuza kuti pita kusukulu, uwapeza pobwera. Ndinawapeza?"

Alamu, mukudziwa kuti sanawapeze ali moyo. Ndiye kuti tsiku lililonse limene ndatsokomola m'mawa, mwana amazungulira kuseri kwa msika n'kukandilondera mpaka anzake ataweruka. Ine ndimati ndikumulera, pamene iye ndi amene amandilera. Miyezi yonseyi amakhala patali pongowoloka msewu, ine osadzutsa mutu.

Lachitatu tinapita kwa ahedi. Poyamba anauma, akuti lamulo ndi lamulo, akamulekerera mmodzi mawa kalasi yonse idwala mutu. Aphunzitsi aja ndi amene anatichonderera. Ampatsa mwayi womaliza: akajombanso popanda ine kukaonekera ndekha ku ofesi, mayeso salemba, abwereza kalasi. Mukudziwa mmene mayi ake ankafunira kuti mwanayu apite kusekondale.

Ndinafuna kumulanda foni ija, koma aphunzitsi anakana. Anati izikhala mu desiki yawo, ndipo nthawi yopuma ikakwana mwana azindiimbira kamodzi. Chiyambire Lachinayi sanajombe. Chimene sitinachiganizire ndi chakuti mufoni yanga nambala imeneyo ndinailemba kuti "Mayi a kunyumba". Tsiku loyamba italira ndinangoiyang'ana mpaka inaduka. Inaliranso. Nditayankha, mawu aja anati, "Muli bwino?" Ndinati ndili bwino, bwerera m'kalasi. Mnzanga akuti ndisinthe dzinalo ndisanafe ndi mtima. Sindinasinthe.

Dzulo Kanyerere anandikoka mpaka kuchipatala. Anandijambula pachifuwa, zotsatira akuti sabata ya mawa. Ndagulanso kansalu kotchinga pamphuno pocheka matabwa. Musade nkhawa, ndi fumbi ndithu.

Pempho langa ndi ili. Ngati abambo akunyumba angalole, bwerani mudzakhale nafe mpaka mayeso atatha. Pali zimene mwanayu sangandiuze ine, koma inu ndinu mayi ake amene mwatsala. Malo ndi ochepa, koma ine ndidzagona pabalaza. Nkhani ya foniyi musamudzudzule nayo, manyazi amukwana kale.

Perekani moni kwa abambo ndi kwa ana onse. Kanyerere akuti moni, ali pakhomo akuchapa yunifolomu ya mawa. Mukafuna kumva mawu ake, imbani nambala ya mng'ono wanu nthawi yopuma kusukulu, ndawauza kale aphunzitsi. Koma muyambe mwakhala pansi.

Ndine mlamu wanu,
Bambo a Kanyerere