Kiyibodi ya bambo a Ipyana

Lachiwiri, 8 Okutobala 2024

Kutentha kwa Karonga. Fani kungozunguza mphepo yamoto. Bambo a Ipyana thukuta kamukamu pamatiresi, ine kuwapukuta, kuwatembenuza, kuwapukutanso.

Mwezi wachitatu uno chiwagwetsereni sitiroko kuntchito kwawo ku Songwe. Mbali yonse ya kumanja inafa. Pakamwa palibe mawu, "aa, aa" basi. Munthu amene ankakangana ndi madalaivala a mathiraki m'Chiswahili mpaka iwo kukweza manja, lero kulephera kupempha madzi. Chakudza sichiimba ng'oma. Mtima ukundipweteka.

Koma mutu uli bwinobwino, ndimaona m'maso. Dzanja lamanzere likugwira, ngakhale cholembera limachigwetsa, ndipo pafoni chala chimagunda zilembo zitatu nthawi imodzi. Kiyibodi yokha ndiyo amaitha. Zaka zonsezi ntchito yawo inali kutaipa mapepala a katundu wodutsa pa boda, amaidziwa kuposa nkhope yanga. Ndinatulutsa kompyuta yawo yakale. Vuto chingwe. Soketi ili kukhomo, bedi lili kuwindo kumene kumalowa kamphepo, chingwe cha kiyibodi kufupika ngati mchira wa mbuzi. Dzulo anakoka, kompyuta pang'onong'ono igwe.

Lero a Manase, anzawo a ku boda, abwera ndi katoni kuchokera tsidya la Tanzania. Kiyibodi ndi mausi, zonse zopanda chingwe. Alumikiza okha, ine ndimangoonerera. Pa kompyuta pamalowa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo. Akuti, ponditchula mlamu m'Chiswahili, "Shemeji, kameneka kakasowa, zonsezi mukataye kudzala." Ndakamata ndi selotepi.

Ndinawaikira kiyibodi pamiyendo. Chala chimodzi, pang'onopang'ono. Ine maso pa sikirini kumbali ina ya chipinda, zilembo kumatuluka zokha. Analemba kuti, "Phala lako likuchepa shuga."

Nthawi yonseyi kudikira mawu awo, oyamba n'kukhala amenewo! Ndinaseka mpaka misozi. Kenako kuseka kunatha, inatsala misozi yokha.

Lachinayi, 10 Okutobala

Chinthuchi chili ndi ubwino wake, ndisaname. Madzulo ndimawakhazika pakhonde, sikirini n'kuitembenuzira kuwindo, iwo kumalemba ali panja ngati bwana. Palibenso chingwe chondikola mwendo ndikanyamula beseni. Ya chingwe ija ndapatsa a hedi kusukulu kwathu, yawo inafa kalekale.

Mausi ndi yanga, poti dzanja lawo ndi limodzi. Alemba kuti iwo ndi dalaivala, ine kondakitala. Ndati kondakitala ndi amene amatsitsa anthu amwano.

Kuipa kwake nakonso. Ikakhala kanthawi osaigwira imagona, chilembo choyamba imameza. Mausi kusowa m'mabulangete, kuipeza ili kunsi kwa ntchafu yawo yakufayo, iwo osamva. Mabatire amene anabwera nayo atha kale. Ndagula a pamsika, kuwala kwa pepala lokutira basi, mphamvu mulibe. Mawu a amuna anga tsopano akuyendera mabatire ngati tochi.

Magetsi anazima masana onse. Tinangokhala. Iwo kuyang'ana kudenga, ine kuchonga makope a ana.

Mwana wathu Ipyana waimba kuchokera kukoleji ku Mzuzu. Bambo ake amalemba, ine kumamuwerengera pafoni. Amufunsa ngati akudya. Mwana analira.

Lamlungu, 13 Okutobala

Alamu anga a Zebedee, akulu awo a bambo a Ipyana, afika atatuluka kutchalitchi. Kuchokera kumudzi ku Mwenilondo, mkoko wa matoke, nthochi zophika zija, panjinga. Kompyuta anangoiyang'ana cham'mbali ngati galu wachilendo.

Nkhani yomwe ija. "Mlamu, wodwala malo ake ndi kwawo, pamene pali amayi ake. Chibale ndi fupa." Ngati ine ndine mnofu wowola.

Zaka zoposa makumi awiri ndili kuno, ndikadali mkazi wa ku Ntcheu. Kwathu mwamuna akadwala amadwazikidwa pakhomo pa mkazi wake. Kuno anapereka ng'ombe, ndiye mawu omaliza ndi a kuchimuna. Ndinayankha mwaulemu, mano ali gwa. Kunyumba kwa apongozi kulibe magetsi. Akapita kumeneko kompyuta ikhala yokhalira nkhuku, ndipo munthu atsekedwanso pakamwa. Mafizo a kuchipatala Lachitatu lililonse adzawaperekeza ndani? Ine sindingasiye kalasi pakati pa temu n'kukakhala kumudzi. Akawatenga, andilanda amuna anga ali moyo.

Kenako abale awiriwo anayamba zawo. A Zebedee kuyankhula Chinkhonde, ang'ono awo kuyankha pa sikirini m'Chinkhonde momwemo. Ine cha pakamwa ndimatolako, cholemba chimandipita. Analemba mizere ingapo, a Zebedee anavala magalasi n'kuwerenga. Bambo a Ipyana anafufuta zonse.

Atapita ndinafunsa kuti mumati chiyani. Analemba, "Za mpunga."

Lachitatu, 16 Okutobala

Mafizo. Kuwakweza pa takisi, kuwatsitsa, kuwakwezanso. Msana wanga ngati wathyoka pakati. Ndimayesa kubisa.

Alemba, "Msana ukukupweteka. Ndakuona." Ndati samalani wanu, wanga ndi wa ku Ntcheu, unakulira kusenza mbatata. Sanaseke.

A Febby, oyandikana nafe, amene amawasuzumira m'mawa ine ndikakhala kusukulu, anandipeza ndikukalipa kuti sanamalize chakudya. Anaseka. "Amayi a Ipyana, kodi munakwatiwa ndi sikirini? Amuna anu ali kumbuyo kwanu uku." Zinandinyansa, koma n'zoona. Mawu amatulukira kukhoma, ndiye ndimayankha khoma, iwo ndawapatsa nkhongo.

Madzulo alemba, "Ndalota amayi." Apongozi miyendo inatha, chidwalireni mwana wawo sanamuone. Ndinawerenga. Ndinagwira mausi n'kutsegula tsamba latsopano, ndati tiyeni mulembe zoti ndikagule mawa. Kondakitala.

Lolemba, 21 Okutobala

Agwa.

Ndafika kuchokera kusukulu, ndawapeza pasimenti, nkhope pansi, magazi pachikope atauma kale. A Febby anathamangira kumaliro, anaganiza kuti abwerera msanga. Agona pamenepo nthawi yaitali bwanji, sindikudziwa. Anadzinyowetsa. Ndinakuwa ngati wamisala, anthu anabwera kudzandithandiza kuwanyamula.

Kiyibodi kunsi kwa bedi. Inatsetsereka pamiyendo, iwo n'kuwerama kuti aitole. Atapuma alemba, "Ikanakhala ya chingwe ndikanangokoka."

Ndawasambitsa. Maso anatseka nthawi yonse, manyazi. Ine ndimalira chamumtima kuti asamve.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale ku Mwenilondo. Karonga alibe chinsinsi. A Zebedee aimba: Loweruka akubwera ndi alongo awo a Tusekile ndi amalume, tidzakambirane. Mawu ozizira ngati a sing'anga wa kuchipatala.

Lachisanu, 25 Okutobala

Masiku awa sindinalembe. Ndinapempha tchuthi, ndakhala pambali pawo ngati nkhuku pamazira.

Mawa nkhondo. Ndagula mabatire enieni kushopu kwa a Ibrahim, odula, mtima unachita kuwawa potulutsa ndalama. Mayunitsi a magetsi ndawonjezera. Kompyuta ndaisamutsira pabalaza, zilembo ndazikulitsa kuti ngakhale amalume aone popanda magalasi. Ndayesa kuchokera pampando pawo, ikugwira. Ambuye, magetsi okha asazime.

Ndinagwada patsogolo pawo. Ndati bambo a Ipyana, mawa ine sindiyankhula, akandimva ine adzati mkazi wa ku Ntcheu akulamulira. Muwauze nokha kuti simupita. Muwauze kuti muli ndi nyumba, muli ndi mkazi. Za kugwa zija ndipeza munthu wokhala nanu m'mawa, ngakhale ndigulitse firiji.

Anasendeza chala pa kiyibodi. Kenako alemba, "Ndamva."

Mawu amodzi okha. Atopa, ndikuganiza. Kutenthaku.

Loweruka, 26 Okutobala

Ndilembe bwanji.

M'mawa inkagwira. Analemba kuti akufuna malaya oyera a mizere aja, ndinawaveka. Ndinawakhazika pampando, kiyibodi pamiyendo, ine kukaphika tiyi wa alendo.

Anafika onse atatu. Pemphero, malonje, tiyi. A Zebedee, ndisawanamizire, anayankhula mwachilungamo, akutchula amuna anga ndi dzina lawo lobadwa nalo. "Lughano ali ndi nzeru zake. Anene yekha. Akakana, sitimunyamula ngati thumba." Ndinati mumtima, lero mumva.

Tonse maso ku sikirini. Magetsi alipo. Kumbuyo kwanga ndimamva mabatani, tha, tha, tha. Pa sikirini mbee. Ndati yagona, dinaninso. Tha, tha. Palibe.

Ndinasintha mabatire, limodzi linagubuduka mpaka kumapazi kwa amalume. Palibe. Ndinamatula selotepi, kuzula kachitsulo, kukauzira, kukabwezera. Kuzimitsa kompyuta, kuyatsanso. Mausi ikuyenda bwinobwino, kiyibodi zii. Ndinaimenya ndi chikhatho. A Tusekile anati, "Mlamu, yayi, mudzipweteka." A hedi ndinawaimbira kuti andibwereke ya chingwe ija, ali ku Chitipa ndi makiyi a ofesi.

A Zebedee anayandikira, anagwira mng'ono wawo phewa. Anati ngati sukufuna kupita, pukusa mutu. Ndinayang'ana. Bambo a Ipyana anangotseka maso, misozi kutsikira m'masaya. Mutu osapukusa, osagwedeza. Ndati achita manyazi, anthu mwachuluka, dikirani ndikonze chinthuchi. Amalume anati takhala tikudikira chigwereni munthu pasimenti.

Mawa akubwera ndi galimoto.

Kachinthu ka pulasitiki, kondigwetsa ulesi tsiku lokhalo limene ndimakafuna! A Manase ndi mphatso zawo. Ikanakhala ya chingwe bwenzi amuna anga atayankhula.

Lamlungu, 27 Okutobala

Apita.

Matiresi kumbuyo kwa pikapu, iwo pamwamba, a Tusekile atawagwirira ambulera. Ndawalongedzera mankhwala, malaya, shuga. Ndalangiza a Tusekile za kuwatembenuza kuti asachite zilonda, amangoti ndagha, ndagha, zikomo wa Chinkhonde, maso kumbali. Sanabwere ndi nkhanza anthuwa, ndicho chikundipweteka kwambiri. Ndikusowa womuda.

Bambo a Ipyana anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka galimoto inayamba kuyenda. Ndati ndikonzetsa, ndibwera kudzakutengani, mudzawauza. Anandisiya.

Kutchalitchi sindinapite. Bedi lopanda matiresi. Kiyibodi ndaiponya pamwamba pa kabati, ndisaione.

Lachinayi, 31 Okutobala

Kusukulu, kunyumba, kusukulu. Ndimaphika phala lambiri mwachizolowezi, n'kupatsa ana a a Febby.

A Manase abwera lero, ndinawaitana. Ndinawalandira ndi mkwiyo wonse. Ndati tengani chinyalala chanu, chandithetsera banja. Anangopepesa m'Chiswahili, pole, shemeji, pole sana. Anaitsitsa pakabati, kuitembenuza uku ndi uku. Kenako anaima.

"Shemeji, iyi sinafe. Yangozimitsidwa."

M'mphepete mwake, kumtunda, muli kaswitchi kakang'ono kobisika. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kalipo. Anakakankha ndi chikhadabo, kagetsi kobiriwira kanayaka. Anadina batani, chilembo chinatuluka pa sikirini nthawi yomweyo.

Ndati mwina kanasuntha kokha, mwina nditaimenya. Akuti ayi, n'kolimba, mpaka munthu achite kufuna. Anayamba kunena kuti Lughano amakadziwa, ku ofesi ankazimitsa yake akamaweruka, koma anaona nkhope yanga n'kusiyira pomwepo.

M'mawa uja inkagwira. Kuchokera pamene ndinapita kukaphika tiyi, inali pamiyendo pa munthu mmodzi.

Amuna anga anaizimitsa okha. Anakhala pampando paja kumadina mabatani akudziwa kuti palibe chituluke, ine ndikukwawa pansi kutola mabatire pamaso pa abale awo. Ankafuna kupita. Kaya chifukwa cha amayi awo, kaya msana wanga, kaya manyazi a pasimenti aja, mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Koma kundiuza anakanika, kunama pamaso pa akulu awo anakanikanso. Anandisiyira kiyibodi kuti ndiziitukwana m'malo mwawo.

Ndakwiya. Ndawakwiyira kwambiri, ndipo ndawasowa. Ndinawauza zoti anene, sindinawafunse zimene akufuna.

A Manase anafunsa ngati aitengebe. Ndati isiyeni.

Ipyana waimba madzulo ano, ali ndi chiyembekezo, akuti ikakonzedwa tikawatenge adadi Loweruka. Wafunsa ngati a Manase apeza chimene chinavuta. Ndati ee, apeza. Zinthu zotchipa za pa boda, mwanangu, sizikonzeka.