Mundiskode, Bambo

Lifuwu, Salima
17 Juni 1979

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wasiya kukuvutitsani, ndi kuti Amayi ali bwino. Kuno anthu ali kalikiliki kumweta mpunga, ife udzudzu ndiwo ukutimweta. Kalatayi ndapatsira pamanja a Dailes, akazi a ahedi athu, amene akubwera kwathu ku Dedzako. Mukatha kuwerenga muiponye pamoto.

Yanu ija ndinalandira. Ine kukulemberani zonse za a Lawson, kalaliki wa padoko la Chipoka amene akufuna kundikwatira, inu n'kuyankha kamzere kamodzi, kachizungunso: "I have no comment." Bambo, zinandipweteka. Chilandirireni sindikugona bwino.

Koma tamvani za kusukulu. Ndinkaphunzitsa Sitandade 7 mawu odzudzulira munthu: scold, blame, criticise. Nditati aliyense apange chiganizo, anaimirira Sakina, kamtsikana kanzeru kosadziwa kunama, nati: "My father criticises the chairman every day." Mayo ine! Choko chinandipulumuka m'manja. Mukudziwa nokha kumene mawu amenewa amamufikitsa munthu masiku ano, ndipo ana sungawasoke pakamwa.

Lachinayi anatulukira Che Saidi, atcheyamani a chipani m'dera lino, ali ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Anandiitanira pansi pa mango. Sakina anali chilili pakhomo la kalasi.

"Aphunzitsi," anatero, "anyamatawa akuti Che Amidu amandikiritisaiza. Ine Chizungu changa n'cha pasikelo ya mpunga. Tatiuzani inu, mawuwa akutanthauzanji?"

Nditawayang'ana Che Saidi ndinaona kuti mantha awo aposa anga. Che Amidu, bambo a Sakina, ndi mkulu wawo bere limodzi, amene anawalera makolo atamwalira. Ndikanangomasulira monga ilili dikishonale, Landirova ikanabwera kudzawatenga, ndipo woiitana akanakhala mng'ono wawoyu.

Pamenepo ndinakumbukira mawu anu, Bambo, aja munkatiuza pakhonde mukachoka kusukulu, choko chili mbuu m'manja: "Criticise ndi wa pamsewu, umamuchitira munthu amene ulibe naye kanthu. Scold ndi wa m'nyumba. Mwana wa eni sumuskoda."

Ndinamuitana Sakina. "Kodi abambo ako amawanena zotani atcheyamani?"

"Amati amachedwa ku swala kumzikiti, ndiponso akabwereka khasu sabweza."

"Ndiye mwanayu walakwitsa verebu," ndinatero. "Apa pamafunika scold, kukalipa kwa mkulu pa mng'ono wake. Ndimuchotsera malikisi."

Che Saidi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kofia, ndipo sindikhulupirira kuti yonseyo inali ya kuseka. "Walahi, achimwene aja akhala akundiskoda ndisanayambe n'kuvala kabudula komwe! Tsiku limene adzasiye, ndidzadziwa kuti ndilibe mbale." Anyamata aja anangoyang'anizana, n'kumapita. Tikuweruka tinawaona atcheyamani ali ndi khasu paphewa, akulowera kwa Che Amidu.

Mawu awo aja ndi amene andigwiritsa cholembera. Bambo, ine si wa pamsewu ayi. Ngati a Lawson simukuwafuna chifukwa kwawo n'kutali, kapena mwakwiya poti Azakhali anamva inu musanamve, nenani. Kalipani monga munkachitira ndikabwera kumadzi dzuwa litalowa. Ndidzalira, mwinanso ndidzayankha mwano pang'ono monga mundidziwira, koma ndidzagona tulo.

Mundiperekere moni kwa Amayi, mpunga wa faya uli m'kathumba kamene ndapatsira a Dailes ndi wawo. Mng'ono wanga Martha asajombe kusukulu. Usipa uli m'kathumba momwemo ndi wanu, ngakhale ndikudziwa kuti mukatafuna mudzati mwana wopusayu anamugulitsa mchenga. Mukanena zimenezo muzilembe, pamodzi ndi zina zonse zimene mwazisunga. A Dailes akubwerera Loweruka, ndipo ine ndikawachingamira pamsewu.

Ndine mwana wanu wa m'nyumba,
Florence