Wakhala Pampando Ndiye Agwira Rimoti

Lolemba, 4 Ogasiti

Mphepo kuyambira m'mawa. Tsitsi la makasitomala kuuluka mpaka pakhomo pa atelala oyandikana nane. Ndasesa, ndasesanso. Makina aang'ono ometera ayambanso kutentha, mafuta atsala pang'ono.

Nkhani yabwino: Lamulungu likubwerali makolo a mnyamata uja abwera kunyumba kudzakambirana za ukwati wa mzime wanga. Wotilankhulira ndi alamu, achimwene awo a mayi a kunyumba. Bambo a mnyamatayo ndi a Khukhi. Onse awiri ndimawameta ine, zaka ndi zaka. Ndinkati apa zayenda zokha.

Lero akangana m'shopu mwanga momwe.

Chiyambi chake kanema. Lamulo langa aliyense amalidziwa: wakhala pampando wometera ndiye agwira rimoti, akadzuka asiyire mnzake. Ndinaliika ndekha kuti pasamakhale phokoso. Alamu pampando, aika nkhonya, zobwereza za chimphona chija chidzalimbirane lamba Loweruka. A Khukhi pabenchi, kudikira. Alamu akuti chimphonacho n'chamanzere. A Khukhi akuti n'chamanja. Kanema ili kumbuyo kwa mpando, wometedwa amaionera m'galasi, ndiye manja ndi manzere zimasinthana. Ine ndikudziwa, koma wometa salowerera. Ndinangoti alamu weramani pang'ono.

A Khukhi potuluka: "Munthu wosadziwa dzanja lamanja ndiye akalankhule za ana athu?" Osameta n'komwe.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

A Khukhi abwera m'mawa, alamu kulibe, Mulungu ngwabwino. Pampando, rimoti, kiriketi. Masewerawa anawaphunzira akuphika kunyumba kwa bwana wina, ankaonera pazenera la kukhitchini, ndiwo zili pamoto. Timu yawo ndi ya dziko lomwe sanapondeko, koma polankhula amati "ife". Akuti kaputeni wathu ngwamantha, woponya mpira mwaliwiro uja akumusiya panja chifukwa cha nsanje basi. Za nkhonya akuti ndi amuna awiri amimba kulipidwa pa zinthu zomwe zidakwa zimachita ulere.

Ndinaseka. Sindinayenera kuseka. Atelala anali pakhomo, ndipo atelala sasunga mawu.

Masewera aakulu a mayiko awiri ayamba Lachinayi, akuti ndi a masiku asanu. Ndafunsa ngati Loweruka masana amapuma. Akuti pamenepo ndiye pokoma penipeni.

Nkhonya nazo Loweruka masana.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Mutu.

Atelala akanenadi. Alamu atulukira, dazi likuwala, ndinawameta Lolemba lomweli, chometa palibe. Akuti ndisalaze. Chofuna iwo mpando, kuti alalikire. Ankhonya a masiku ano akuti amangokumbatirana ngati akumana pamaliro, akale ankati akakumenya umaiwala dzina la mayi ako. Komabe a lerowo ngabwino kuposa masewera opumira kukamwa tiyi. "Masiku asanu atavala zoyera ngati anamwino, mapeto ake palibe wopambana. Mwana wathu akalowa banja limenelo azidikira chakudya mpaka Lolemba."

Benchi yonse kuseka. Ine ayi, ndinadziluma lilime.

Potuluka andiuza kuti Loweruka masana mpando ndi wawo, ayenera kuoneka bwino Lamulungu. A Khukhi anandiuzanso chimodzimodzi Lachiwiri. Mpando umodzi, kanema imodzi.

Kunyumba mzime wasita diresi lake, kuyesa, kuvula, kusitanso. Akuimba. Wandifunsa ngati amalume ake ndi a Khukhi amagwirizana. Ndati amalankhulana kwambiri. Silinali bodza.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Tsiku lonse kuganiza njira. Kutseka shopu, kunama kuti ndadwala? Adzandizonda kunyumba onse awiri, ndipo kunyumbanso kuli kanema. Kuzula chingwe n'kunena kuti magetsi azima? Makina a atelala ndi amagetsi, amamveka kuseri kwa khoma. Ndinaganizanso zobisa rimoti, koma alamu amadziwa mabatani a kumbuyo.

Mayi a kunyumba akuti ndizisiye, ndi akuluakulu. Kenako iwo omwe: "Mlongo wanga ndimamudziwa, akapsa mtima Loweruka, Lamulungu adzadwala mwendo." Ndiye n'zomwe ndikuopazo. Alamu akapanda kubwera wotilankhulira palibe, a Khukhi adzati tawanyoza, mwana wanga diresi lija adzalipinda akulira. Chifukwa cha chimphona chosatidziwa n'komwe.

Zipeso ndatsuka zonse. Mafuta otsala ndathira m'makina aakulu. Galasi ndapukuta mpaka kasitomala wina kufunsa ngati ndikuligulitsa.

Loweruka, 9 Ogasiti



Alamu ndi a Khukhi afika nthawi imodzi, wina kuchokera uku, wina uko, kukumana pakhomo penipeni. Moni wa m'mphuno. Benchi yodzaza, ena kusuzumira pazenera. Alamu dzanja pampando, a Khukhi dzanja pampando womwewo. Aliyense akuti ananena kale. Maso onse pa ine.

Chomwe chinandigwira sindikudziwa. Ndinavula epuloni n'kukhala pampandopo ndekha. Chitsegulire shopuyi sindinakhalepo. Wofewa, kani. Ndinadzimanga nsalu m'khosi, kutenga rimoti, kuzima kanema.

Ndinati lamulo ndi lamulo. Mawa ndine bambo a mwana, nanenso ndiyenera kuoneka bwino, ndipo pano sindidzuka mpaka mutandimeta inu awiri.

Alamu anayang'ana wotchi, n'kutola makina aakulu kuti athane nazo nkhonya zisanayambe. Kagwiridwe kake ngati akufuna kugwetsa munthu. Mzere umodzi kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo, msewu weniweni. A Khukhi kukuwa: "Pang'onopang'ono, akulu, mutu uwu si thumba lophunzirira nkhonya!" Iwo sizasi ndi chipeso. Kudula pang'ono, kubwerera m'mbuyo, kuyang'ana, kuganiza, kudulanso pang'ono. Alamu: "Nanga tipume kaye tikamwe tiyi?" Ndinamva a Khukhi akuseka kuseri kwa khutu langa. Ine ndinatsinzina, mutu wangawo sindinafune kuuona.

Kenako makina anasiya kulira. Kutsegula maso, alamu aima, akuyang'anizana ndi galasi. Makina ali m'dzanja lawo lamanja, koma munthu wa m'galasiyo wagwira ngati wamanzere. Anakweza dzanja, kutsitsa, kukwezanso. Kucheukira kanema yozima ija. "Kani chimphona chija n'chamanja." A Khukhi anangowapatsa chipeso kuti agwireko.

Nditadzuka, kuyatsa kanema. Nkhonya zatha kale, raundi yoyamba yomweyo, chimphona cha alamu chili gada, akuchikupiza ndi thawulo. Kusinthira ku kiriketi, mvula, bwalo alifunditsa malona. Awiriwo atuluka limodzi, wina akunyoza chimphona, wina akunyoza mitambo ndi kaputeni. Osameta onse.

Mutu wanga ngati munda wolimidwa ndi anthu okangana malire. Ndayesa kukonza, kunkhongo sindikuonako. Atelala ndiwo andimalizitsa. Mpala. Akuti sauza munthu. Pofika madzulo msewu wonse ukundipatsa pepani.

Tsitsi langa ndasesa ndekha. Imvi zambiri kuposa momwe ndinkaganizira.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Mipando ndayala, ndapukuta, ndayalanso. Mzime dzulo sanandione, ndinalowa nditafunda mpango ngati wodwala chimfine. Lero atandiona anagwira pakamwa, "Ababa, mwatani?" n'kuthawira kwa mayi ake, kuseka mpaka kukhala pansi ndi diresi losita lija. Chipewa changa chakale chikugwera m'maso, chosowa pogwira.

Pabalaza kanema ndaifunditsa nsalu, pamwamba ndaika maluwa. Rimoti ili m'thumba la jekete langa, lamkati. Atelala akuti uko mvula yakata, lero asewera.

Ndikuwaona pazenera. Alamu mwendo uli bwinobwino. Akubwera limodzi ndi a Khukhi, ena onse kumbuyo. Alamu akuzunguza mkono ngati akuponya mpira, a Khukhi akuwawongola chigongono, pakati pamsewu, atavala masuti. Onse awiri osameta, koma ndani ayang'ane iwo ine ndilipo.

Agogoda. Chipewachi ndivule kapena...