Usaipale gitala ya bambo

Anselmo,

Ndathamangira kuchipatala ndi mayi Encarna oyandikana nafe, agwa pamasitepe. Mphodza zili pachitofu, ungotenthetsa.

Ukalowa m'chipinda chako chokonzeramo magitala usakuwe. Gitala ya malemu bambo anga, imene wakhala ukuipala masabata atatu, ana aijambula. Ndawaloleza ndine. Pepa, ndinayenera kukufunsa kaye.

Nieves anaiona itayera mbee, nati, "Amayi, yangokhala ngati pepala." Ukudziwa kuti chichitikire maliro mwanayu sanatchulepo agogo ake ngakhale kamodzi. Lero wawajambula atakhala pansi pa mtengo wa malalanje, uku akulongosola zonse. Fermín amvekere, "Imeneyo ndi mbuzi!" Iye, "Mbuzi ndiwe, izi ndi ndevu." Anaseka onse awiri, ine n'kungothokoza Mulungu chamumtima.

Ndiye tamvera. Usaipale. Usapakenso vanishi wako wa sipiriti uja, amasungunula inki. Ndayesa pakathabwa kena, zonse zinangoyenderera. Uyambe ndi vanishi wamadzi, mopyapyala. Ndikudziwa unena kuti kaliridwe kake kasintha pang'ono. Kasinthe, Lamulungu ku Misa ndikaiimba momwemo, ndipo sindichita manyazi.

M'mawa unandisiyira khofi utavundikira ndi kambale kuti asazizire. Ndinaona. Zikomo.

Kumbuyo kwa gitalayo, pafupi ndi khosi, ana asiya kamalo kosajambula. Akuti nkako, ndipo usanamizire kuti sudziwa kujambula. Zolembera zili m'kapu.

Remedios